Mlendo ndi Mame, Koma Neba Sasamuka

Ulendo uno tikufuna tilingalire pamodzi nkhani imene ambiri a ife timaimva pa wailesi manja ali m'beseni, ndipo timangoidutsitsa poganiza kuti ndi ya abambo ndi andale. Nkhani yake ndi ya misonkhano imene atsogoleri a mayiko amachita pokambirana zotumiza zida za nkhondo kapena asilikali ku dziko limene likuopsezedwa ndi dziko loyandikana nalo lamphamvu. Kuyambira mu February 2022, pamene dziko la Russia linalowa ndi nkhondo m'dziko la Ukraine, misonkhano yotere tinaimva kawirikawiri, ndipo mawu ake anali a mizinga, ndege, akasinja ndi ndalama zoti ife sitingathe n'kuziwerenga komwe.

Wina angafunse kuti, "Nanga ife amayi zikutikhudza bwanji?" Zikutikhudza ndithu. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba, mtengo wa feteleza ndi wa mafuta ophikira unakwera mpaka tonse tinaumva m'chikwama. Komanso kuno ku Mzuzu tili ndi Moyale Barracks, ndipo ena mwa amayi amene timakhala nawo pa benchi limodzi ndi akazi a asilikali, ena ndi amayi awo owabereka. Atsogoleri akagwirana chanza m'chipinda cha msonkhano, amene amalongedza chikwama ndi mwana wa m'nyumba ngati zathuzi. Choncho funso ili ndi lathu: kodi n'koyenera kuti dziko lopanikizidwa lipemphe zida kwa ena? Nanga n'koyenera kuti ena apereke? Ngati n'koyenera, ndi zinthu ziti zimene wopempha ndi wopereka ayenera kuuzana mosabisa asanasainirane?

Tiyambire pa mpanda wathu

Amene amadziwa Salisbury Lines akudziwa kuti malo ano ndi a dambo, nyumba n'zothithikana, ndipo mvula ikagwa nkhani yaikulu imakhala ya ngalande. Tiyerekeze kuti pali mayi wamasiye amene neba wake, munthu wa ndalama ndi wa anyamata ambiri, wamanga mpanda wa njerwa n'kutseka ngalande, kotero kuti madzi onse akuthamangira m'nyumba ya mayiyo. Mayi wadandaula, koma sanamumvere. Wapita kwa amfumu a dera, koma neba wakana kubwera ku bwalo. Tsopano mayiyo waitana alongo ake a ku Chibavi kuti abwere ndi anzawo adzagumule mpandawo.

Palibe mwa ife amene angamudzudzule mayiyu chifukwa choitana thandizo. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Mlongo woti wamva kuti mlongo wake akuchezera chiimire m'madzi, iye n'kungotumiza mawu opepesa, tingamuone ngati wopanda umunthu. Koma tonse tikudziwanso chimene chidzachitike dzuwa likalowa. Anyamata a ku Chibavi adzakwera njinga zawo kubwerera kwawo, ndipo mayiyo adzatsala yekha, khomo lake likupenyana ndi la neba uja. Mwinanso anyamatawo sanabwere ulere: wina wanena kale kuti akufuna amange kaokala pa malo a mayiyo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Neba ndiye sasamuka. Mayiko nawo ali chimodzimodzi, ndipo kwa iwo n'zovuta koposa, chifukwa munthu angathe kugulitsa puloti n'kusamukira ku Luwinga, koma dziko silinganyamule malire ake pamutu.

Pamene ife tinali opempha

Dziko lathu linakhalapo pa mpando wa wopempha. M'chaka cha 1964, patangopita miyezi yochepa tilandire ufulu, nduna zingapo zinasemphana maganizo ndi Dr. Kamuzu Banda, ndipo ena mwa iwo, monga a Kanyama Chiume ndi a Yatuta Chisiza, anathawira ku Tanzania. M'chaka cha 1967 boma la Tanzania linanena poyera kuti malire a mayiko awiriwa amadutsa pakati pa nyanja, pamene boma la Malawi linkagwira pangano la mu 1890 la pakati pa Britain ndi Germany, limene linaika malirewo pa gombe la kum'mawa. Mu October chaka chomwecho a Yatuta Chisiza analowa m'dziko muno ndi kagulu ka anthu a zida kudzera ku Mwanza, ndipo anaphedwa. Boma linadziona kuti lazingidwa: kumpoto kunali dziko lalikulu kuposa lathu kambirimbiri, limenenso linkasunga adani ake a ndale.

Pamenepo boma linatembenukira kwa amene anali ndi zida ndi ndalama, ndiwo Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, ndi boma la tsankho la ku South Africa. Mu September 1967 Malawi anakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi South Africa, chinthu chimene mayiko ena olamulidwa ndi anthu akuda ankachikana. Mu 1968 Apwitikizi anapereka boti lolondera panyanja, ndipo botilo linapatsidwa dzina la John Chilembwe. Dziko la South Africa linapereka ngongole yomangira likulu latsopano la Lilongwe ndi njanji yolumikiza dziko lathu ku doko la Nacala, imene inatsegulidwa mu 1970. M'chaka chomwecho nduna yaikulu ya South Africa, John Vorster, inabwera kudzacheza, ndipo mu 1971 Kamuzu anakabwezera ulendowo.

Tisaname, thandizoli linagwira ntchito ina imene analipemphera. Nkhondo ya panyanja sinachitike, likulu linamangidwa, sitima zinayenda. Koma walira mvula walira matope. Apwitikizi popereka boti maso awo anali pa asilikali a Frelimo amene ankamenyera ufulu wa Mozambique, ndipo a ku South Africa ankafuna bwenzi lakuda loti azilionetsa kwa mayiko amene ankawadzudzula. Mu 1975 Mozambique analandira ufulu, Apwitikizi anabwerera kwawo ku Lisbon, ndipo ife tinatsala ndi neba watsopano, boma la Frelimo, limene linkakumbukira bwino lomwe anthu amene tinkadya nawo m'mbale imodzi.

Panalinso mtengo wina umene tinalipira m'nyumba mwathu momwe. Mfuti ikalowa m'dziko sisankha kolozera. Gulu la Malawi Young Pioneers, limene pachiyambi linalandira ulangizi kuchokera kwa akatswiri a ku Israel, linakula mpaka kukhala ndi nkhokwe zake za mfuti, ndipo amene ankaliopa kwambiri anali Amalawi eni ake, pa zipata za misika ndi pokwerera mabasi. Mu December 1993 asilikali awiri a ku Moyale ataphedwa kuno ku Mzuzu, m'pamene gulu la nkhondo linalanda zida za apayoniya pa ntchito ija ya Operation Bwezani. Ambiri a ife masiku amenewo timawakumbukira.

Owerenga Baibulo akumbukira Ahazi, mfumu ya Yuda, pa 2 Mafumu 16. Mafumu awiri oyandikana naye atamuukira, iye anatenga siliva ndi golide wa m'Nyumba ya Mulungu n'kutumiza kwa mfumu ya Asuri kuti imupulumutse. Thandizo linabwera ndithu, adani anagonja, koma Yuda anasanduka wotumikira Asuri, ndipo ngakhale guwa la nsembe linasinthidwa kutengera limene Ahazi anakaona kwa eni ake. Vuto limeneli ndi lakale: wopempha ali ndi mantha, ndipo wamantha safunsa mtengo.

Pamene ife tinali opemphedwa

M'zaka za m'ma 1980 amene anapanikizika ndi neba wamphamvu anali Mozambique. Boma la tsankho la South Africa linkapatsa zida gulu la Renamo, limene linkatentha midzi, zipatala ndi masukulu. Dziko la Zimbabwe linatumiza asilikali kukalondera njira ya ku Beira, ndipo pambuyo pake Tanzania nayo inatumiza ake. Ife tinkanenedwa kuti timalola a Renamo kudutsa m'dziko mwathu, ngakhale boma linkakana. Pa 11 September 1986 atsogoleri atatu, Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe, anabwera ku Blantyre kudzalankhula ndi Kamuzu, ndipo Machel atabwerera kwawo anaopseza kuti atseka malire ndi kuika mizinga yoloza kuno. Pa 19 October Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini. Mu December 1986 maboma awiriwa anasainirana pangano la chitetezo, ndipo mu 1987 asilikali a Malawi anapita kukalondera njanji ya ku Nacala.

Kupita kumeneko kunali ndi chifukwa chomveka. Njanji za ku Beira ndi ku Nacala zitawonongeka, katundu wathu ankazungulira mpaka ku Durban, ndipo mtengo wa ulendo wautaliwo unkagwera pa mchere, sopo ndi palafini wa m'nyumba mwathu. Komabe ena mwa anyamata amene anapita sanabwerere amoyo. Nkhondoyo inatitumiziranso anthu othawa kwawo oposa 1 miliyoni, amene anadzaza ku Nsanje, Mulanje, Ntcheu, Dedza ndi madera ena. Ogwira ntchito za chipatala a nthawi imeneyo amakumbukira kolera wa m'misasa, ndi matenda a pellagra amene mu 1990 anagwira anthu oposa 18,000 mtedza utasowa pa chakudya chimene ankagawiridwa. Zoterezi sizilembedwa pa pepala limene atsogoleri amasaina, koma zimafika ku wodi.

M'zaka zaposachedwa tinapemphedwanso, ulendo uno ndi dziko la Democratic Republic of Congo. Apa tikuphunzira kuti mphamvu siyendera kukula kwa dziko. Congo ndi dziko lalikulu zedi, Rwanda ndi laling'ono kuposa Malawi, koma gulu lake la nkhondo n'lokonzeka bwino, ndipo akatswiri a bungwe la United Nations analemba kangapo kuti Rwanda inkathandiza gulu la M23 kum'mawa kwa Congo. Boma la Rwanda linkakana, ponena kuti likungodziteteza kwa zigawenga zimene zinathawira ku Congo pambuyo pa kuphana kwa mu 1994. Mu 2013 asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa, pansi pa United Nations, anathandiza asilikali a Congo, ndipo mu November chaka chimenecho gulu la M23 linagonja. Koma zimene zinabala nkhondoyo, monga mikangano ya malo, miyala ya mtengo wapatali ndi kusakhulupirirana kwa mitundu, zinatsala momwemo. Kumapeto kwa 2021 gululo linadzukanso.

Mu December 2023 bungwe la SADC linatumiza asilikali a mayiko atatu omwewo. Mu January 2025 mzinda wa Goma unalandidwa, ndipo pa nkhondo ya masiku amenewo asilikali athu atatu anaphedwa, pamodzi ndi 14 a ku South Africa. Mu February Pulezidenti wa nthawiyo, Dr. Lazarus Chakwera, analamula kuti asilikali athu akonzekere kubwerera, ndipo pa 13 March atsogoleri a SADC anathetsa ntchitoyo. Ambiri mwa asilikaliwo anatuluka pa msewu kudutsa m'dziko la Rwanda kupita ku Tanzania. Taganizani, amayi: njira yobwerera kwawo inadutsa pa khomo la neba yemwe uja, ndipo chimene chinaitsegula ndi kukambirana.

Phunziro la m'wodi ya amayi

Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino timadziwa chimene chimachitika mayi akataya magazi ambiri atangobereka. Kumuika magazi kumapulumutsa moyo, ndipo namwino amene angaime chilili magazi alipo ndi wolakwa. Thandizo la nkhondo kwa dziko lopanikizidwa tikuliona chimodzimodzi: nthawi zina popanda ilo wodwala safika m'mawa. Koma m'wodi muli malamulo anayi amene namwino wabwino sawadumpha ngakhale zinthu zitathina bwanji, ndipo tikukhulupirira kuti akazembe nawo sayenera kuwadumpha.

Loyamba n'lakuti magazi oika saletsa kukha kwa magazi. Ungapachike botolo pa botolo, koma ngati sunapeze pamene pang'ambika n'kusoka, kapena sunathandize chiberekero kuti chikhwime, onsewo athera pa nsalu. Magazi amangogula nthawi yoti bala lisokedwe. Zida nazo zimangogula nthawi, ndipo bala la pakati pa mayiko awiri oyandikana limasokedwa ndi eni ake atakhala pansi. Choncho pa msonkhano uliwonse wa zida payenera kumveka funso lakuti: nanga njira yolankhulirana ndi nebayo ndi iti, ndipo akuisamala ndani? Ku Congo mu 2013 magazi anaikidwa, wodwala anadzuka, koma bala silinasokedwe.

Lachiwiri n'lakuti magazi amayezedwa asanaikidwe. Timaona ngati gulu lake likugwirizana ndi la wodwala, ndiponso ngati mulibe matenda. Magazi osayeza angapulumutse munthu lero n'kumusiyira nthenda ya moyo wake wonse. Wopempha zida ayenera kufunsa kuti: kodi m'thandizoli mwabisala chiyani? Akufuna miyala yathu, doko lathu, voti yathu, kapena kuti adani awo akhale adani athu? Si tchimo kuti wopereka akhale ndi chimene akufuna, pakuti dziko lililonse limaganizira ana ake. Tchimo ndi kubisa, ndi kupezerapo mwayi pa mantha a mnzako n'kumulipiritsa chimene sakanavomera akanakhala pa mtendere.

Lachitatu n'lakuti magazi amachokera m'thupi la munthu. Sagulidwa ku golosale. Pamene atsogoleri akuti "titumiza gulu la asilikali", akunena za ana a anthu. Mu November 2018, pafupi ndi Beni ku Congo komweko, asilikali athu 6 anaphedwa pomenyana ndi gulu lina la zigawenga lotchedwa ADF. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anawomberedwa pamene ankapulumutsa msilikali mnzake wovulala, ndipo mu May 2019 bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo yaikulu ya kulimba mtima, imene mkazi wake anakalandira ku New York. Msilikali amene anapulumutsidwayo anali wa ku Tanzania, dziko lomwelo limene timakangana nalo za nyanja. Magazi otere sayenera kutayidwa mwachisawawa. Dziko lotumiza asilikali liyenera kuwauza iwo ndi mabanja awo zoona: akupita kukachita chiyani, ali ndi zida ndi chakudya chokwanira kapena ayi, ovulala adzatulutsidwa bwanji, ndipo amasiye adzasamalidwa motani.

Lachinayi n'lakuti magazi amalembedwa. Pa fayilo pamaoneka kuti botolo layamba nthawi yanji, alipo angati, akuyang'anira wodwala ndani, ndipo lichotsedwa liti. Zimene zimachitika mumdima m'chipatala ndi zimene zimapha. M'nthawi imene mkangano wa nyanja unali wotentha, boma lathu linasainirana ndi kampani ina ya ku South Africa pangano logula zida, kuphatikizapo maboti olondera panyanja, la ndalama zimene manyuzipepala anati ndi madola 145 miliyoni a ku America. Amalawi ambiri anaimva nkhaniyi zonse zitatha kale, ndipo mu 2014 boma latsopano linati panganolo n'lodula kwambiri. Tikuvomera kuti asilikali ali ndi zinsinsi zawo zoyenera, koma mtengo ndi cholinga sizingakhale chinsinsi kwa anthu amene adzalipire ngongoleyo, pamene m'zipatala zawo mukusowa magolovesi ndi thonje.

Mawu a otsutsa

Tikudziwa kuti m'magulu athu muli amayi ena amene anganene kuti munthu wopemphera ndi mfuti n'zosayenderana, ndipo kuti kutumiza zida n'kuthira palafini pa moto. Maganizo amenewa tikuwalemekeza, chifukwa akuchokera mu mtima wodana ndi kukhetsa mwazi. Koma tikumbukire za ku Rwanda mu 1994, kumene anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100, pamene bungwe la United Nations, m'malo moonjezera asilikali ake, linawachepetsa. Amene anaima patali nthawi imeneyo sangatiuze kuti manja awo ndi oyera. Kusathandiza nakonso ndi chisankho, ndipo kuli ndi maliro ake.

Aliponso ena amene anganene kuti wamphamvu samva mawu, amamva mphamvu yokha, choncho kukambirana n'kutaya nthawi. Nawonso ali ndi umboni wawo. Pa 16 March 1984 Machel anasainirana pangano la Nkomati ndi P.W. Botha wa ku South Africa, lakuti aliyense asiye kuthandiza adani a mnzake. Mozambique anachotsa m'dziko mwake anthu ambiri a ANC, koma mu 1985 zikalata zimene zinapezeka ku likulu la Renamo ku Gorongosa zinaonetsa kuti asilikali a South Africa anapitiriza kuthandiza gululo. N'zoona kuti wofooka akapita yekha pa bwalo, wopanda mboni ndi wopanda womuimira kumbuyo, siginecha ya wamphamvu imangokhala inki. Apa m'pamene pali ntchito yeniyeni ya thandizo la nkhondo: kumupatsa wofooka mpando pa bwalo, kuti akamalankhula amveke. Thandizo likafika pomuuza kuti bwalo n'losafunikanso, ladutsa malire ake.

Nkhondo imathera pa mphasa

Nkhondo ya ku Mozambique, ngakhale munalowa asilikali a Zimbabwe, Tanzania ndi Malawi, sinathere kutchire. Inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo inatha chifukwa anthu ena analimba mtima kukalankhula ndi amene aliyense ankawaopa. Mu 1989 atsogoleri a mipingo, pakati pawo Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wathu wa Anglican ndi Arkibishopu Jaime Gonçalves wa Katolika ku Beira, anakakumana ndi atsogoleri a Renamo ku Nairobi. Zokambirana za boma ndi Renamo zinayamba ku Rome mu 1990, zinatenga zaka zoposa ziwiri, ndipo pa 4 October 1992 Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere. Pamenepo m'pamene abale athu a m'misasa anayamba kubwerera kwawo.

Ngakhale zinatero, mfuti zimene abwenzi a mbali zonse anapereka zinatsala m'midzi, zina zitakwiriridwa m'minda. Mu 1995 Bishopu Sengulane ndi bungwe la mipingo ya ku Mozambique anayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata, ndipo m'zaka zotsatira anatolera zida zoposa 600,000. Opereka mfuti aja anali atabwerera kwawo kalekale. Otolera anali eni mudzi.

Kuno kwathu mkangano wa nyanja unadzukanso mu 2012, boma litapereka chilolezo chofufuza mafuta pansi pa madzi. Ena mbali zonse ziwiri analankhula mawu a nkhondo. Mu August chaka chimenecho nthumwi za Malawi ndi Tanzania zinakumana mu mzinda wathu womwe uno wa Mzuzu, ndipo sizinagwirizane. Nkhaniyo inapita kwa amkhalapakati otsogozedwa ndi a Chissano, ndipo mu 2014 inaima osamalizika. Ena amaseka kuti misonkhano yonseyo inali yongodyera ndalama. Koma m'zaka zonsezo asodzi anapitiriza kuponya makoka, magalimoto a mafuta ochokera ku Dar es Salaam anapitiriza kuwoloka pa Songwe, ndipo ife tinapitiriza kugula zitenje ku msika wa Taifa. Kukambirana kosatha kumatopetsa, koma sikunasiyepo mayi aliyense wamasiye.

Gawo lathu

Yankho lathu ndi ili, amayi. N'koyenera kuti wopanikizidwa apemphe thandizo, ndipo n'koyenera kuti wokhoza apereke. Koma onse awiri ali ndi mangawa a kunena zoona za mtengo wake, kulemekeza magazi a amene akutumizidwa, ndi kusiya khomo la neba losakhoma, chifukwa tsiku lina wothandiza adzapita ndipo awiriwo adzatsala akutunga pa chitsime chimodzi. Nkhanga zinapangana kusanapse. Zimenezi ziyenera kukambidwa asilikali asanakwere ndege.

Ife sitiitanidwa ku misonkhano ya akazembe, koma tili ndi zimene tingachite. Aphungu athu akabwera m'madera mwathu, tisamangowafunsa za mijigo ndi milatho. Tiziwafunsanso ngati Nyumba ya Malamulo imauzidwa chifukwa chimene ana athu akutumizidwira kunja, ndi kumene ndalama zogulira zida zikuchokera. M'magulu athu tiwadziwe akazi ndi amayi a asilikali amene ali kutali, tiziwayendera osadikira uthenga woipa. Ndipo kumene uthengawo wafika kale, tikumbukire kuti malipenga a pamaliro amatha tsiku lomwelo, koma fizi ya ana imabwera teremu iliyonse.

Tisamalenso pakamwa pathu. Ana amaphunzira kudana ndi mtundu wina pa mkeka wa kunyumba, pomva mmene ife timatchulira anthu a ku Tanzania kapena a ku Mozambique amene timagulitsa nawo limodzi pa msika. Mtsogoleri amene angafune kukambirana ndi neba amalimba mtima akadziwa kuti anthu ake sadzamutcha wamantha, ndipo anthu akewo ndife ndi ana athu.

Pokumana m'magulu mwezi uno, tikupempha kuti mukambirane mafunso awa. Kodi m'dera lanu munaonapo thandizo limene linathetsa vuto la tsiku limodzi koma n'kusiya udani wa zaka? Kodi ndi liti pamene kukhala chete poona mnzathu akuponderezedwa kumasanduka kulakwa? Nanga ndi mabanja ati a asilikali amene gulu lanu lingawayendere sabata ino? Pomaliza muwakumbukire m'mapemphero atsogoleri onse amene amakhala pa misonkhano yotereyi, kuti posaina aziona nkhope za ana a anthu, ndiponso amayi a ku Goma, a ku Ukraine ndi a ku Russia amene akudikira ana awo pakhomo.

Ambuye akhale nanu nonse.